Katsukidwe ka sikopu ya m'mphuno ku kiliniki ya ENT, sitepe ndi sitepe

Anzanga amene mumagwira ntchito ku ENT, kiliniki ya makutu, mphuno ndi kukhosi, anesi, ma clinical officer ngakhalenso inu madokotala, tiyeni tikambirane za kasikopu kofewa kaja timalowetsa m'mphuno mwa wodwala kuti tione kukhosi ndi kholingo. Kuyeza ambirife timatha bwinobwino, vuto limayamba sikopu ikangotuluka m'mphunomo. Panja pali mzere wa anthu, ena achokera kutali anadzuka mbandakucha, sikopu ndi imodzi yomweyo, ndiye munthu amangotenga thonje kuthira sipiriti kupukuta kawiri katatu basi wotsatira alowe. Ena amayesetsako ndithu, amaiviika mu Cidex, mankhwala ophera tizilombo aja, koma amaiviika ili ndi mamina ake omwe n'kuivuula patangotha mphindi zisanu.

Zonse ziwirizi sizikwana. Sikopu imakhudza khungu lonyowa la m'kati mwa mphuno ndi kukhosi, nthawi zina imatuluka ndi timagazi, ndiye imafunika chimene timati high-level disinfection, kutanthauza kupha tizilombo ndi mankhwala amphamvu, osati kungopukuta ayi. Ndipo taganizirani anthu amene timawayeza kwambiri, ndi aja mawu anasasa kwa miyezi, ena mwa iwo ndi TB ya pakholingo imene sinadziwikebe. Hepatitis B nayo imatha kukhala yamoyo pachinthu chouma kwa sabata yathunthu. Ndalemba za sikopu yopanda kabowo kodutsa m'kati chifukwa ndi imene ili m'makiliniki ambiri, ngati yanu ili ndi kabowoko, kamene timati channel, kokokera mamina kapena kotengera biopsy (kanyama kokayeza ku labu), ndanenako pang'ono pa sitepe 4.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Magolovesi a nitrile, epuloni ya pulasitiki, masiki ndi magalasi oteteza maso
- Mabeseni atatu aakulu oti sikopu igone momasuka: lotsukira, la mankhwala lokhala ndi chivindikiro chothina, ndi lotsukuluzira
- Sopo wa enzymatic wotsukira zida zachipatala, amene amasungunula mamina ndi magazi
- Mankhwala ophera tizilombo, OPA ya 0.55% kapena glutaraldehyde ya 2%, ambirife timangoti Cidex OPA ndi Cidex
- Masitiripi oyezera mphamvu ya mankhwalawo, ogwirizana ndi mtundu umene muli nawo
- Leak tester ya sikopu yanuyo, kapampu kokhala ndi geji koyezera ngati sikopu ikudontha
- Tinsalu tofewa tosasiya ulusi kapena gauze
- Madzi a sterile kapena osefedwa, ambiri ndithu
- Sipiriti wa 70%
- Wotchi yolira, ya pafoni imathandiza bola foniyo musaigwire ndi magolovesi akuda
- Thermometer
- Thireyi yokhala ndi chivindikiro yonyamulira sikopu yakuda, ndi ina ya yoyera
- Buku lolembamo
- Buku la malangizo limene linabwera ndi sikopuyo

Chomalizachi musachipepuse. Opanga masikopu monga Olympus, Pentax ndi Karl Storz aliyense ali ndi mndandanda wa mankhwala amene sikopu yake imalola, ndiye ngati buku linasowa kapena sikopu inabwera ngati mphatso yopanda mapepala, lembani nambala ya model pa intaneti mulipeza. Pamene zimene ndalemba pano zikusiyana ndi bukulo, tsatirani bukulo.

Malo otsukira akhale ndi mbali yakuda ndi mbali yoyera, ntchito iziyenda njira imodzi osabwerera m'mbuyo. Mawindo akhale otsegula makamaka ngati muli ndi glutaraldehyde, ndipo asakhale m'kachipinda momwe anthu amamweramo tiyi.

Sitepe 1: Pukutani pomwepo, wodwala asanadzuke n'komwe pampando

Sikopu ikangotuluka, magolovesi mudakali nawo, tengani gauze wonyowetsa ndi madzi a sopo wa enzymatic mupukute kachingwe kolowa m'mphuno kuchokera kuchogwirira kupita kunsonga. Kokani kamodzi, tayani gauze, tengani wina. Osamapita uku n'kubwerera ndi gauze yemweyo chifukwa mukungobweza zomwe mwachotsa.

Chenjezo: musapukute ndi sipiriti panthawi imeneyi. Sipiriti amaumitsa mamina ndi magazi n'kuwamatirira pasikopu, ndiye kuchotsa kwake kumavuta. Komanso gwirani mofatsa mukafika kunsonga kumene kumapinda kuja, kalabala kake ndi kopyapyala kwambiri, mukakoka mwamphamvu kamakwinyika kenako kamang'ambika.

Mamina akauma ndiye mwadzipatsa ntchito. Ngati simutha kutsuka nthawi yomweyo chifukwa mukulemba mankhwala kapena kufotokozera wodwala, bola mwapukuta, koma pasathe ola musanatsuke bwinobwino.

Sitepe 2: Nyamulani bwino kupita kotsukira

Zimitsani laiti, chotsani chingwe cha laiti kapena kabatire kaja, ikani sikopu muthireyi ya zakuda n'kuvindikira. Poigoneka ipindeni mozungulira motakasuka, osaikulunga ngati chingwe cha chaja ya foni. M'kati mwake muli timaulusi tagalasi tambirimbiri tonyamula chithunzi ndi kuwala, kalikonse kakathyoka kamaoneka ngati kadontho kakuda mukasuzumira, ndipo sikabwereranso.

Musaiike musutikesi yake ili yakuda. Siponji ya m'sutikesimo imamwa chinyontho ndi tizilombo ndipo siitheka kutsuka, ndiye tsiku limene mwaikamo sikopu yakuda sutikesiyo yaipa mpaka kalekale.

Chingwe cha laiti ndi mutu wa kamera ngati mumagwiritsa ntchito, nazonso mwazigwira ndi magolovesi omwewo, zipukuteni ndi mankhwala amene buku lake likulola.

Sitepe 3: Yesani ngati sikudontha

Apa ndi pamene ambiri timadumpha, ndipo ndi pamene masikopu amafera. Kabowo kakang'ono pakalabala ka kunsonga simungakaone ndi maso, koma mukaviika madzi ndi mankhwala zimalowa m'kati, chithunzi chimayamba kuchita chifunga, kalivala kopindira kamayamba kulimba, pakutha pa miyezi ingapo sikopu yatha. Choopsa kwambiri n'chakuti kabowo komweko kamasunga magazi ndi mamina a wodwala pamalo pamene mankhwala safika.

Chitani chonchi. Lumikizani leak tester sikopu ili youma, polumikizira pakhalenso pouma. Popani mpaka muvi ufike pamene buku lanena, pa mageji ambiri pali chizindikiro. Muona kalabala ka kunsonga katafufuma pang'ono, zimenezo n'zabwino. Dikirani masekondi osachepera 30 mukuyang'ana muvi, kenako pindani nsonga mmwamba ndi pansi mpaka pomalizira chifukwa mabowo ena amatseguka pokhapokha nsonga itapinda. Muvi ukamatsika ndiye kuti pali podontha, imani pomwepo osaviika.

Muvi ukakhazikika, viikani sikopu m'madzi oyera opanda sopo mpweya udakali momwemo, geji ikhale kunja kwa madzi. Pindaninso nsonga. Tithovu tiwiri titatu tomatirira pakhungu la sikopu si vuto, tichotseni ndi chala, chimene mukufuna kuona ndi tithovu totuluka mondondozana pamalo amodzi. Madzi a sopo amabisa zimenezi n'chifukwa chake ndati oyera.

Mukamaliza vuulani kaye sikopu m'madzi, kenako tulutsani mpweya, kenako chotsani tester. Mukatulutsa mpweya ili m'madzi, ngati pali kabowo imayamwa madziwo.

Chenjezo la tizitsekero, chonde werengani bwino chifukwa timafanana koma ntchito zake n'zosemphana. Masikopu ambiri a fibre, aja osuzumira ndi diso, ali ndi kachitsekero kotulutsira mpweya, ena amati ETO cap ena pressure compensation cap, kamene kamaikidwa potumiza sikopu pa ndege kapena poiphera tizilombo ndi gasi. Kameneka kakakhalapo m'kati mwa sikopu mumakhala motsegula, ndiye kachotseni musanaviike. Pomwe masikopu ena a vidiyo ali ndi chitsekero choteteza madzi pa mawaya, chimenecho ndiye chiyenera kukhalapo musanaviike. Ngati simukudziwa kuti chanu ndi chiti, musaviike mpaka mutaona m'buku.

Sikopu ikapezeka kuti ikudontha, ipukuteni kunja kokha, ikani mupepala lapulasitiki, lembanipo kuti ikudontha ndipo sinaphedwe tizilombo, dziwitsani in-charge ndi anzathu okonza zida. Musamatepo pulasitala n'kupitiriza kliniki, ndikudziwa kuti zimawawa kubweza anthu koma kukonza kalabala n'kotchipa kusiyana ndi kugula sikopu ina.

Sitepe 4: Tsukani ndi sopo, sitepe yaikulu kuposa zonse

Ngati pali chimodzi choti mutengepo pa zonse ndalembazi ndi ichi, mankhwala sapha tizilombo timene sanatikhudze. Mamina ndi jelo uja timapaka kunsonga zimakhala ngati bulangete, tizilombo tili pansi pake, ndipo glutaraldehyde m'malo mosungunula mamina amawalimbitsa ngati guluu. Ndiye sikopu yosatsuka ngakhale muiviike ola lonse mwangotaya nthawi ndi mankhwala.

Sungunulani sopo wa enzymatic molingana ndi lebulo, yezani ndithu ndi kapu kapena syringe osati kungothira mwa diso. Madzi akhale ofunda pang'ono, osati otentha, chifukwa otentha amaphika mamina ndi magazi ngati dzira komanso amapha mphamvu ya sopoyo. Viikani sikopu yonse ngati ili ya mtundu wololedwa kumira, isiyeni mphindi zimene lebulo yanena, kenako tsukani ndi kansalu kofewa manja ali pansi pa madzi kuti zisakuthovukireni kumaso.

Tsukani yonse, ndikubwereza yonse. Anthu timalimbana ndi kachingwe kolowa m'mphuno n'kuiwala chogwirira, kalivala kopindira ndi posuzumira paja, chonsecho dzanja limene lagwira mphuno ya wodwala ndi lomwelo limabwerera kuchogwirira, ndipo wodwala akayetsemula kapena kutsokomola zonse zimagwera pamenepo. M'mbali mwa kalivala ndi m'mizere ya pachogwirira gwiritsani ntchito kaburashi kofewa. Kagalasi ka kunsonga kapukuteni mofatsa, osakanda ndi chikhadabo kapena singano ngakhale pataoneka kuti pamatirira kanthu.

Ngati sikopu yanu ndi yakale yosaloledwa kumira yonse, viikani kachingwe kokha mu chubu chachitali choimirira, chogwirira mutsuke ndi kansalu kofinya bwino kenako mupukute ndi mankhwala amene buku lalola.

Ngati ili ndi channel, lowetsani burashi yake ya saizi yoyenera mpaka itulukire kunsonga, tsukani burashiyo, bwerezani mpaka izituluka yoyera, kenako popani madzi a sopo ndi syringe. Pa sitepe iliyonse yotsatira, chilichonse chimene mukuchita kunja muchitenso m'kati mwa channel, mankhwala, madzi otsukuluza, mpweya woumitsa, zonse.

Madzi a sopo ndi a sikopu imodzi kamodzi kokha. Mukatha tayani. Sopo wa enzymatic sapha tizilombo, ndiye beseni limene lakhala kuyambira 8 koloko mpaka masana lasanduka msuzi wa odwala onse a tsikulo. Ndipo sopo wa ufa wochapira zovala kapena wotsukira mbale musamuyese, amakanda ndiponso amasiya zotsalira.

Sitepe 5: Tsukuluzani sopo, pukutani

Tsukuluzani ndi madzi oyera mpaka thovu lithe, kenako pukutani ndi kansalu kouma. Anthu amadabwa kuti tipukutirenji chinthu choti tikuchiviikanso, koma madzi amene sikopu yonyowa imalowa nawo m'beseni la mankhwala amawasungunula pang'onopang'ono, odwala khumi patsiku kwa sabata, mankhwala aja afooka tsiku lake lisanakwane.

Muli pomwepo iyang'aneni powala bwino. Mukaona kotsalira kalikonse bwererani ku sitepe 4.

Sitepe 6: Yezani mankhwala musanaviike

Cidex ya glutaraldehyde imabwera ndi kabotolo ka activator koyambitsa mphamvu ya mankhwalawo, mukathira imasanduka yobiriwira, ndipo kuyambira pamenepo masiku ayamba kuwerengedwa, mtundu wofala ndi wa masiku 14. OPA siifuna activator, mukaithira m'beseni nayonso ndi masiku osapitirira 14. Lembani pachivindikiro tsiku lothira ndi tsiku lotaya, ndi maka yooneka patali.

Koma masiku 14 si lonjezo, ndi malire chabe. Mankhwala amatha kufooka tsiku la 9 ngati kliniki ili yotanganidwa, n'chifukwa chake pali masitiripi. Viikani sitiripi, werengani pa masekondi enieni amene alembedwa pabotolo lake, yerekezani mtundu ndi tchati. Ikalephera tayani mankhwala ngakhale kutatsala sabata. Ikapambana koma masiku 14 akwana, tayanibe. Lebulo imati muyeze musanaviike ulendo uliwonse, ndipo ngati masitiripi akuperewera musalole kuti tsiku liyambe osayeza n'kamodzi komwe. Sitiripi ya OPA siyeza glutaraldehyde, ndipo masitiripi nawo amatha mphamvu, botolo lake lizikhala lotseka ndipo mulembepo tsiku lotsegula.

Musathire mankhwala atsopano pamwamba pa akale kuti beseni lidzaze n'kuyambanso kuwerenga masiku.

Kenako thermometer. Mankhwala onse awiriwa amafuna kutentha kosachepera 20°C. Ambiri timaganiza kuti kwathu kuno n'kotentha nthawi zonse koma m'mawa wa mu June ndi July ku Dedza, ku Mzuzu ngakhale ku Blantyre komwe, beseni limene lagona pa simenti usiku wonse limatha kuzizira kuposa pamenepo. Likazizira dikirani chipinda chifunde kapena khazikani beseni lotseka m'beseni lina la madzi ofunda mpaka thermometer ifike, osaliika pamoto kapena kuthiramo madzi otentha.

Sitepe 7: Viikani ndipo tcherani wotchi

Vulani magolovesi amene munatsukira, valani ena. Goneketsani sikopu yonse m'mankhwala, pasakhale mbali yosuzumira kunja, ndipo tithovu tomatirira tichotseni ndi kansalu chifukwa pamene pali kathovu mankhwala sakhudza. Vindikirani. Tcherani wotchi sikopu itamira kale osati mukuyamba kuiika.

Nthawi yake, glutaraldehyde ya 2% ndi mphindi zosachepera 20 pa 20°C sikopu itatsukidwa bwino, malebulo ena amanena mphindi 45 pa 25°C. OPA ndi mphindi 12 pa 20°C malinga ndi lebulo ya ku America, mayiko ena analemba zocheperapo. Werengani botolo lanu, ndipo ineyo ndimati kwa ife amene TB tili nayo pakhomo musatsike pa mphindi 20 za glutaraldehyde kapena 12 za OPA, kachilombo ka TB kali ndi chikopa chamafuta ndipo n'kovuta kupha kusiyana ndi HIV kapena hepatitis B.

Chenjezo: wina akabwera n'kuponyamo chida china chakuda pakati pa nthawi, yambaninso kuwerenga. Ndipo kupitirira nakonso n'kolakwika, musaisiye m'mankhwala nthawi ya lanchi yonse kapena usiku, guluu wogwira magalasi amafooka, labala amaonongeka, ndipo mankhwala amalowerera moti kutsukuluza kumavuta.

Dzisamaleni nanunso. Fungo la glutaraldehyde limayabwa m'maso ndi m'mphuno ndipo anzathu ena linawapatsa mphumu ndi zilonda za pakhungu, ku Britain Cidex anaichotsa pamsika mu 2002 pa chifukwa chomwechi. Beseni lizikhala lovindikira nthawi zonse, musaweramire pamwamba pake, masiki wamba satchinga fungoli ndiye chachikulu ndi mpweya kuyenda m'chipindamo. OPA fungo lake n'lochepa koma imadetsa khungu ndi zovala kukhala zotuwa. Zikagwera m'maso tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 kenako kaonedweni. Mukayamba kumva chifuwa kuthina masiku a kliniki okhaokha nenani msanga, musapirire.

Sitepe 8: Tsukuluzani katatu

Wotchi ikalira valaninso magolovesi oyera, kuyambira pano sikopu ndi yoyera ndipo chilichonse choikhudza chikhale choyera. Imizeni m'madzi ambiri kwa mphindi imodzi, tayani madziwo, thirani ena, chitani choncho katatu. Lebulo ya Cidex OPA imanena pafupifupi malita 8 ulendo uliwonse. Katatu m'madzi omwewo si katatu ayi.

Anthu amatopa apa chifukwa amaona ngati ntchito yatha, koma mankhwala otsalira amakapsereza m'mphuno ndi pakholingo pa wodwala, ndipo OPA yotsalira inachititsapo allergy yoopsa kwa odwala amene amayezedwa ndi sikopu mobwerezabwereza. Ku ENT tili nawo ambiri otere, a khansa ya kukhosi ndi ana a papilloma, tinjerewere ta pakholingo, amene amabwera mwezi ndi mwezi.

Madzi abwino ndi a sterile kapena odutsa mu fyuluta yotchinga mabakiteriya. Ngati mulibe, a pampopi owiritsa n'kuzizira m'chiwiya chotseka ndi abwinoko, ndipo mukatsukuluza ndi madzi amene si a sterile malizani ndi kupukuta sipiriti wa 70%. Madzi a m'mgolo osungira pamene mipopi yauma musatsukuluzire komaliza, mumakhala tizilombo monga Pseudomonas ndi tina totere, ndiye mwapha za wodwala n'kuikapo za mumgolo. Ngati mukudziwa kuti madzi amavuta kwanuko konzeranitu m'mawa kliniki isanayambe.

Sitepe 9: Umitsani ndi kusunga

Pukutani ndi kansalu koyera kouma kosasiya ulusi, yonse mpaka m'mbali mwa kalivala. Magalasi a mbali zonse ziwiri pukutani ndi kathonje ka pakamtengo konyowetsa pang'ono ndi sipiriti, suzumirani muone ngati chithunzi chili bwino.

Ngati wodwala wina akudikira, ikani muthireyi yoyera yovindikira mupite nayo. Ngati kliniki yatha, ipachikeni choimirira nsonga ikulendewera pansi osakhudza kanthu, m'kabati yoyera yotseka koma yolowa mpweya, kalivala kali komasula. Samalani chitseko cha kabati ndi madirowa, masikopu ambiri amathyoka popanidwa pamenepo. Osasunga yonyowa, osasunga m'pepala lapulasitiki lomanga, osasunga musutikesi. Ikanipo kachizindikiro kolemba tsiku ndi nthawi imene yatsukidwa kuti mnzanu asachite kufunsa kapena kuganizira. Ku Britain lamulo lawo ndi lakuti sikopu imene yakhala maola oposa 3 kunja kwa kabati yapadera youmitsira itsukidwenso isanagwire ntchito, ife makabati amenewo ambiri tilibe, ndiye chanzeru ndi kuiviikanso m'mawa uliwonse wodwala woyamba asanalowe.

Sitepe 10: Lembani m'buku

Tsiku, nthawi, nambala ya wodwala, serial number ya sikopu, zotsatira za leak test, mtundu wa mankhwala ndi batch yake, zotsatira za sitiripi, nthawi yolowa ndi yotuluka m'mankhwala, dzina la wotsuka. Zimatenga mphindi imodzi. Tsiku lina labu ikadzabweza zotsatira kuti bambo munawayeza Lachiwiri aja ali ndi TB yosamva mankhwala, bukuli ndi limene lidzakuuzeni kuti anatsatira ndani ndipo sikopu inatsukidwa bwanji pakati pawo.

Ngati muli ndi mawaipu a Tristel kapena masheath

Makiliniki ena amalandira Tristel Trio, timapepala titatu togwiritsa ntchito chlorine dioxide. Ndi yachangu ndipo siifuna mabeseni, koma ndi ya sikopu yopanda channel yokha. Leak test imakhalapobe. Kapepala koyamba ndi kotsukira, pukutani mpaka zooneka zonse zichoke, ngati mamina ndi ambiri tengani kachiwiri. Kachiwiri ndi kophera tizilombo ndipo pakokha kalibe mphamvu mpaka mutapoperapo thovu la activator kawiri n'kukafinyafinya m'manja kwa masekondi amene alembedwa papaketi kuti thovu lifalikire ponse. Pukutani sikopu yonse kuchokera kuchogwirira kukafika kunsonga, paliponse panyowe, kenako igonekeni pamalo oyera idikire masekondi 30. Kachitatu ndi kotsukuluzira. Sinthani magolovesi mukachoka pa koyamba, ndipo timasitika ta papaketi timatani m'buku lake. Cholakwika chofala ndi kuiwala thovu lija kapena kudula kapepala pakati kuti kakwanire odwala awiri.

Masheath, timatumba totaya tovindikira sikopu tija, amathandiza koma salowa m'malo mwa kutsuka. Amaphimba kachingwe kokha, chogwirira chili pamtunda. Mukavula yang'anani ngati sheath sinabooke, kenako tsukani sikopu ndi sopo wa enzymatic, tsukuluzani, pukutani ndi sipiriti wa 70%. Ikakhala yabooka kapena mukukayika, chitani masitepe onse kuyambira pa 3. Ndipo povula masulani kaye bwino, kukoka mwamphamvu kumang'amba kalabala ka kunsonga.

Zolakwika zimene timaziona kawirikawiri

Kuponya sikopu mundowa ya kolorini ya 0.5% limodzi ndi zitsulo. Ambirife tinaphunzira kuti chida chilichonse chikachoka pa wodwala chiyambe chalowa mu Jik, ndiye wophunzira kapena wothandizira watsopano amachita zimenezi ndi mtima wabwino ndithu. Kolorini amadya zitsulo ndi guluu wa sikopu. Muuzeni tsiku loyamba, ndipo lembani pakhoma pamwamba pa ndowayo.

Kuitumiza ku autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha. Sikopu yofewa siipirira kutentha kumeneko, imabwerako itatheratu. Ngati zida zanu zimatengedwa ndi anthu a ku CSSD, kumene amaphera tizilombo pa zida za chipatala, sikopu isakhale nawo muthireyi imodzi ndi zitsulo.

Kudalira Savlon, chlorhexidine, povidone iodine kapena sipiriti yekha. Amenewa ndi a pakhungu, safika pa mlingo wa high-level disinfection.

Kusankha odwala, kuti uyu akuoneka wathanzi tingopukuta, uyu ali pa ma ARV ndiye tiviike nthawi yaitali. Amene ali ndi hepatitis B kapena TB yosadziwika sakhala ndi chizindikiro pachipumi, katsukidwe ndi kamodzi kwa aliyense. Wodwala amene mukumuganizira TB mukhoza kumuika komalizira, koma chifukwa chake ndi mpweya wa m'chipinda pamene akutsokomola, valani masiki ya N95 ndi kutsegula mawindo, sikopu itsukidwe monga mwa nthawi zonse.

Kuiwala kanozo ka sipureyi yochititsa dzanzi m'mphuno. Kamalowa m'mphuno momwemo, ndi ka wodwala mmodzi basi. Chimodzimodzi jelo, finyirani pa gauze osati kugunditsa kamwa ya chubu kusikopu, ndi botolo la anti-fog, loteteza galasi ku chifunga, nalonso.

Kutsuka ndi kutsukuluza m'sinki imodzi yomwe anthu amasambiramo m'manja, kapena kuika sikopu yoyera pathebulo pomwe inagona ili yakuda.

Kutaya mankhwala otha ntchito paliponse. Tsatirani malangizo a komiti yoona za kupewa matenda pachipatala panu, OPA imafooketsedwa ndi mankhwala otchedwa glycine isanatayidwe pamene malamulo akutero, ndipo botolo lake lisapite kunyumba kukasungira madzi kapena mafuta ophikira.

Kusiyira ntchitoyi munthu amene sanaphunzitsidwe. Nthawi zambiri amene amatsuka ndi wothandizira kapena wophunzira amene anangouzidwa kuti uziviika umu. Khalani naye pansi, muonetseni ndi manja, muoneni akuchita katatu kanayi, matani masitepewa pakhoma m'Chichewa.

Ndiye chachikulu chija, kudula nthawi chifukwa cha mzere. Tiyeni tiwerengere limodzi, kupukuta ndi leak test mphindi 5, kutsuka ndi kutsukuluza sopo mphindi 5 kapena 7, m'mankhwala 12 kapena 20, kutsukuluza katatu ndi kuumitsa mphindi 7, zonse pamodzi ndi theka la ola kufika mphindi 40. Kutanthauza kuti ndi sikopu imodzi, kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko mungayeze anthu 6 kapena 8, osati 20. Nambala imeneyi auzeni a in-charge ndi amene amalemba mabuking, ndipo konzani kliniki mozungulira pamenepo. M'mawa yambani mwaona makadi onse musankhe amene akufunikadi sikopu, muwaike motalikirana, pakati pawo muziona a makutu ndi ena osafuna sikopu pamene iyo ili m'mankhwala. Amene kagalasi ka laryngeal mirror kangakwanire gwiritsani ntchito kameneko poti iko kamalowa mu autoclave. Otsalawo apatseni tsiku lina ndipo afotokozereni chifukwa chake mosabisa, kuti chida chikutsukidwa kuti chisawapatse matenda a munthu wina, ine sindinaonepo wodwala akukana kudikira atamva zimenezo.